Kukasaka nkhoswe ku Renfrew ndi katoni ya mowa

Mlongo wanga Esinati akati ayi, amakhala watseka chitseko n'kumeza kiyi. Anandiuza pafoni ali ku Ntcheu, ine ndili ku Brampton, khadi yoimbira ikunka kumapeto: "Achimwene, ukwati wopanda nkhoswe wakuchimuna ndi chibwenzi. Mwana wanga sindinamutumize ku Canada kukachita zibwenzi. Mnyamatayo apeze nkhoswe. Apo ayi, ine ndege sindikwera, ndipo madalitso anga aiwale."

Mwana ankanenayo ndi Tadala, amene ndinkakhala naye pa kanyumba kanga ka lendi akuphunzira unamwino. Mnyamatayo ndi Kevin, wa ku Ireland, wokonza magetsi, waulemu mpaka kuchititsa manyazi ana athu. Makolo ake anamwalira kale. M'bale wake yekhayo ku Canada kuno anali amalume ake, a Dermot, okhala ku Renfrew, kuseri kwa Ottawa. Kevin atawaimbira n'kuwafotokozera za unkhoswe, mkuluyo anangoti, "Za maukwati a anthu ine sindilowerera," basi foni pansi. Tadala anasiya kudya. Ankangokhala pa sofa, buku lili pamiyendo, tsamba osatembenuza.

Zinandiwawa. Ine ndiye malume wake, nkhoswe wakuchikazi, ndipo ndinaona kuti nkhani yotere sakambira pafoni. Munthu amapita, n'kukhala pansi, n'kuonana maso ndi maso. Komanso sapita chimanjamanja. Kevin anandiuza kuti amalume akewo amakonda mowa wakuda wofululidwa pa kafakitale kakang'ono kufupi ndi kwawo ku Ireland, osati wotchuka uja wopezeka paliponse. Ndinausaka ndikaweruka ku weyahausi, mosungira katundu momwe ndinkagwira ntchito, sitolo ndi sitolo, mpaka ndinakaupeza wa m'mabotolo m'katikati mwa Toronto. Ndinagula katoni yathunthu.

Galimoto ndinalibe nthawi imeneyo, choncho ndinapempha a Zulu, mnzanga wa ku Chipata, wogwira za makompyuta ku Markham. Anavomera msanga atangomva kuti m'nkhanimo muli mowa.

Loweruka m'mamawa, mkati mwa February, Kevin ananditula kwa a Zulu. Ankafuna kupita nawo, koma ndinamukaniza. "Iwe mkamwini, pokamba ankhoswe mwini ukwati sakhalapo. Bwerera ukamuuze mnzakoyo adye."

A Zulu anatuluka atavala chijasi chofika m'mawondo, akusisita galimoto yawo ngati ng'ombe ya malowolo. "Mudala, iyi motoka ni yolimba maningi. Tizafika pa lanchi." Katoni anaiponya ku buti. Ine sindinatsutse. Kwathu mowa wabwino ndi wozizira, ndiye kuzizira kwaulere kukanavutanji?

Msewu wa 401 unatilandira ndi mzere wake wa magalimoto wa masiku onse. Tinakwawa mpaka kupitirira Oshawa, kenaka kunatseguka. Ku Port Hope tinaima kuti timwe khofi ndi kuthira mafuta. A Zulu atatsegula buti kuti atenge madzi otsukira galasi, dalaivala wa chithiraki choima pambali pathu anasuzumira n'kupukusa mutu.

"Mowa umenewo mukufuna mukaumwe kapena mukaudye?" anafunsa m'Chingerezi. "Kuzizira kwa lero mabotolo aphulika amenewo."

Tinayang'anana. Katoni inasamukira pampando wakumbuyo, tinaifunditsa bulangete, n'kuimanga lamba. A Zulu anati iwo ankadziwa kale, ankangondiyesa.

Titapitirira Belleville, wailesi inayamba kulankhula ngati munthu wodwala. Kenaka timagetsi tofiira tinayaka kutsogoloku, hita inazima, ndipo tisanafike ku Napanee ng'ombe ya malowolo ija inagona pambali pa msewu. A Zulu anatsegula boneti, anayang'ana m'katimo mwaulemu, anatsekanso. Munthu wa makompyuta.

Tinaimbira okoka galimoto. Anati sinowo yagwetsera anthu ambiri m'ngalande, tidikire. Abale, kudikira kulipo kwa mitundumitundu, koma kodikira m'galimoto yozima mu February sindifunira ngakhale mdani wanga. Mpweya wathu unkaundana pagalasi. Zala za kumapazi zinayamba zawawa, kenaka zinangosiya kumveka. Mathiraki akadutsa, galimoto yonse inkagwedezeka. Ndiye ndinakumbukira mawu a dalaivala uja. Ndinatsegula katoni, ndinayamba kulowetsa mabotolo m'jekete, m'khwapa, pamimba, ena ndinapatsa a Zulu.

"Mudala, ine nili na digiri," anadandaula.

"Digiriyo ifungatire mabotolo atatuwa."

Tinakhala choncho, amuna awiri aakuluakulu, tafungatira ngati nkhuku zathadzi. Wokoka galimoto atafika, bambo wa ndevu zofika pachifuwa, tinatsika tikulira ngwengwengwe thupi lonse. Anatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anangokweza hita m'thiraki mwake mpaka pamapeto. Mulungu amudalitse kulikonse kumene ali.

Ku galaja ya ku Napanee makaniko anati chafa ndi alitaneta, kachipangizo kotchaja batire, ndipo ina ifika Lolemba. Tinakwera takisi mpaka ku Kingston, mtengo wake a Zulu amautchulabe mpaka lero, koma tinapeza basi ya ku Ottawa yolumikizana ndi ya ku Renfrew itapita. Yotsatira inali ya m'mawa. Ndinaimbira a Dermot mtima uli m'mwamba, poti Kevin anali atawauza kuti tifika masana a tsiku lomwelo. Ndinapepesa, ndinafotokoza za alitaneta, ndinapepesanso.

"Mawa?" anatero mkuluyo. "Chabwino." Foni pansi.

Tinapeza kamotelo pafupi ndi siteshoni dzuwa lisanalowe. Tikubwezera mabotolo m'katoni, a Zulu anakweza limodzi poyera n'kutsinzinira diso. "Mudala, uyu mowa waonongeka. Onani pansi apa." Ndinayang'ana. Pansi pa botolo panali zinthu zoyandama, ngati nsenga.

Mtima unagwa, koma kenaka ndinaseka. "A Zulu, mwakhalitsa kunja. Izi ndi nsenga, mowa weniweni umatero. Masese amamwa bwanji kwanu ku Chipata? Amayamba akhutchumula."

"Tilawe limodzi, tisakapereke poizoni kwa apongozi."

Mfundo inali yomveka. Ndinagwira botolo pakhosi, ndinalikhutchumula bwinobwino monga timachitira ndi mowa wa m'mapaketi kwathu, n'kutsegula. Mayo ine! Mowa unatuluka ngati paipi yaphulika. Kudenga, pagalasi, pa bulangete loyera la eni motelo, pa malaya anga a ku tchalitchi amene ndinawayanika pampando. A Zulu anagwa pabedi ndi phwete, akulira misozi. Safunsa anadya phula.

Wotsala m'botolomo tinagawana m'timakapu ta pulasitiki ta ku bafa. Unali wamatope, wowawa ngati khofi wopanda shuga, ndi kafungo ka chimanga chopserera pamoto, ndipo unkaluma lilime. A Zulu anatafuna milomo ngati katswiri n'kugamula kuti kaya ndi mmene umakhalira, kaya taupha ndi ife, iwo sakudziwa. Ine ndinachapa malaya mu sinki ndili ndi nkhawa. Tachedwa tsiku lathunthu, mphatso mwina yaonongeka, ndipo munthu tikumutsatayo anakana kale.

Lamulungu m'mawa dalaivala wa basi anati katoni ilowe kunsi ndi katundu. Ndinamuchonderera kuti kunsiko kukuzizira. Anaona nkhope yanga, anaona kuti mipando ilipo yambiri, anati bola isatsegulidwe. Ndinakhala nayo pamiyendo njira yonse. Msewu wa ku Ottawa unali ndi zigamba, ndipo bampu iliyonse ndinkaimva m'mabotolo ndisanaimve m'msana.

Kutsidya kwa kanjira kunakhala mayi wina wachikulire woluka sikafu. Anapirira mpaka ku Smiths Falls, kenaka chidwi chinamupambana. Nditamufotokozera za ulendo wathu anaika zoluka pansi. Anati malemu mwamuna wake anali wa m'chigwa cha Ottawa, komwe kuli Renfrew, kwa anthu ochokera ku Ireland. "Anthu a kumeneko musawathamangitse," anatero. "Ndipo akakugulirani mowa, musakane. Kukana mowa wa munthu ndi kukana munthuyo." Anatipatsa masikono a m'chikwama chake, n'kubwerera ku sikafu.

Ku Ottawa basi ya ku Renfrew inachedwa. Tinakhala pa mabenchi olimba aja, tikuyang'ana bolodi losasintha. A Zulu anayamba kuwerengera za Lolemba: ntchito, galimoto ili ku Napanee, abwana osamva za ankhoswe. "Mudala, tibwerere. Uyu mzungu anakana kudala. Ana amasiku ano amakwatirana ku ofesi ya boma, finishi."

"Bwererani inu," ndinatero, ndipo ndinakwiya zenizeni. "Mwana uja bambo ake anamwalira ali wa sitandade 3. Amayi ake anagulitsa mbatata kuti afike pamene wafikapa. Mukufuna tsiku la ukwati wake ayang'ane kumbuyo apeze mpando wa amayi ake uli wopanda munthu?"

A Zulu ananyamuka, anabwera ndi makapu awiri a tiyi. "Imwani. Mukakwiya mumaoneka monga apongozi anga."

Basi yachiwiri inali yodzaza ndi asilikali obwerera ku kampu. Mmodzi anagona paphewa langa kuyambira ku Arnprior, ndipo sindinamudzutse. Kunja kunali minda yoyera ndi nkhokwe zofiira, basi.

A Dermot tinawapeza ataima pamene basi imatsitsira anthu: bambo wamfupi, wa chipewa chaubweya, manja ngati makasu. Anatipatsa moni wa dzanja, anayang'ana katoni. Ndinkayembekeza kuti atitengera kunyumba. M'malo mwake anatiolotsa msewu n'kutilowetsa m'bala. Mtima unandiuza kuti zathera pompa. Kwathu mlendo wobwera ndi nkhani ya ukwati salandiridwa ku bala.

Munali mofunda, anthu ochepa, masana a Lamulungu. Mwini bala anali mnzawo wochokera dera limodzi ku Ireland, ndipo ndiye ankaitanitsa migolo ingapo ya mowa womwe uja kuchokera kwawo. A Dermot anakweza zala zitatu. Mwini bala anapendeketsa tambula pansi pa mpopi, anathira osadzaza, anaiika pambali, n'kuyamba kupukuta tebulo.

"Atibera," ananong'ona a Zulu.

Koma m'tambulamo munkachitika zinthu. Mowa unali wofiirira, ukubwadamuka kutsikira pansi, ukuda pang'onopang'ono kuyambira kunsi. Utada bii, mwini bala anabwerera n'kudzazitsa, pamwamba n'kukhala thovu loyera, lolimba ngati phala la mwana. Anatibweretsera patebulo.

Tinakhala. A Dermot anaika manja patebulo n'kutiyang'ana. Ife tinaika manja pamiyendo n'kuwayang'ana.

Kwathu mwini mowa ndiye amayamba kumwa. Amalawa pamaso pa alendo, kuchotsa ufiti, kenaka chipanda chimayenda. Ndinaleredwa choncho, a Zulu chimodzimodzi, ndipo pa nkhani yaikulu ngati iyi sindikanayerekeza kudumpha mwambo. Ndiye tinadikira. Mkuluyo sanakhudze tambula yake. Ndinati m'mtima, taonani, safuna n'komwe kumwa nafe. Wotchi ya pakhoma inkamveka. A Zulu anameza malovu mpaka ndinawamva. Nkhope ya a Dermot inayamba kufiira kuyambira m'khosi, ndipo mwini bala anasiya kupukuta n'kumationera.

Mapeto ake mkuluyo anaphulika. "Mwayenda masiku awiri kudzanyoza mowa wa kwathu? Ngati simuufuna nenani, akupatseni wa madzimadzi uja!"

"Ife?" ndinadabwa. "Tikudikira inu, bambo!"

"Ine? Ndimwe mlendo wanga asanakweze tambula? Mayi anga angadzuke m'manda!"

Ndinawafotokozera za kuchotsa ufiti, kuti mwini mowa amayamba n'cholinga choti mlendo amwe mtima uli m'malo. Anandiyang'ana kanthawi. "Ndiye kuti mumaganiza kuti ndakuthirirani mankhwala?"

"Ayi. Koma mukalawa, ndiye kuti mwatilandira."

Anatambasula dzanja, anatenga tambula yanga, osati yawo, anamwa kamodzi, thovu n'kutsala pa ndevu za pamlomo. Anatenganso ya a Zulu, chimodzimodzi. "Mfiti zathawa," anatero. "Tsopano imwani, anthu inu, musanandiphe ndi ludzu." Mwini bala anaseka mpaka kugwira kauntala.

Ndinamwa. Abale, unali mowa wina. Wofewa, woterera kukhosi, wosaluma lilime. Kuwawa kunalipo koma kwaulemu, kobwera pambuyo, ndi kafungo kaja ka chimanga chokazinga. Wosazizira kwambiri n'komwe. Ndinaulula kuti wa m'botolo tinalawa dzulo sunali choncho, ndipo a Zulu, osafunsidwa, anafotokoza nkhani yonse ya kukhutchumula, mpaka denga la motelo. A Dermot anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Munaukhutchumula! Ambuye, khululukirani anthu awa."

Anatsegula katoni, anakweza botolo limodzi poyera. Anati nsengazo ndi yisiti, mowawo umapitiriza kupsa uli m'botolo momwemo. Umafuna uime chilili masiku angapo, kenaka uthiridwe mofatsa, nsenga zitsale pansi. Mwini bala anayang'ana kumbali ngati sakuona mowa wobwera nawo, iwo anatsegula botololo pang'onopang'ono n'kugawa m'matambula ang'onoang'ono kuti tiyerekeze.

"Mwini mowa ayambe," anatero akundiloza. Anali ataphunzira kale.

Tinalawa uku, tinalawa uku. A Dermot anati wa pampopi ndiye mowa, wa m'botolo ndi chithunzi chake chabe, chotumizira anthu ali kutali. A Zulu anagwirizana nawo, monga amachitira ndi aliyense amene wagula. Ine ndinakana. Ndinati wa pampopi ndi wokoma, inde, koma ndi wofatsa mopitirira. Wa m'botolo uli ndi mano, ndipo nsenga zakezo zikundikumbutsa kwathu, kumene mowa umakhutitsa. Mkuluyo anati m'moyo wake wonse sanamvepo bodza lotere, ndipo anaitanitsa ena atatu kuti andiphunzitse. Tinakangana mokoma ndithu, ngati anthu odziwana kalekale.

Tambula yachiwiri ili pakati, a Dermot anayamba okha. "Kevin anandiuza za ntchito mukundifunirayi. Akuti banja likavuta, ine ndiye wokaweruza." Anazunguza tambula patebulo. "Mkazi wanga anandisiya Kevin ali mwana. Sanalakwe. Ndinali munthu wosalankhula, wokhalira ntchito ndi malo ngati ano. Banja langa linandikanika. Ndikawauze chiyani ana amenewo? Pezani munthu amene zinamuyendera."

Apa m'pamene ndinamvetsa kuti sikunali kutinyoza. Anali manyazi. Ndinawamvera chisoni, ndipo mawu amene ndinakonza m'basi monse muja ndinawasiya.

"Bambo," ndinatero, "nkhoswe si woweruza milandu. Tadala ali kutali ndi kwawo. Tsiku lina adzayambana ndi Kevin, poti palibe banja losayambana. Akadzabwera kwa ine, Kevin adzati malume ake akumuikira kumbuyo. Pamafunika munthu wa kwa mwamuna amene mwanayo angamuimbire, woti Kevin akamva mawu ake akhale pansi. Mlongo wanga sakufuna munthu wanzeru. Akufuna adziwe kuti kubanja kumene mwana wake akupita kuli khomo loti angagogode. Ndipo kunena zoona, ine ndingakhulupirire munthu amene nyumba inamupserapo, chifukwa utsi amaumva msanga."

A Dermot anayang'ana pawindo. A Zulu, kwa nthawi yoyamba chichokereni ku Markham, anatseka pakamwa.

Kenaka mkuluyo anakokera katoni kufupi, anayamba kuimika bwino mabotolo limodzilimodzi. "Mabotolowa mwawazunza kwambiri," anatero. "Sangamwedwe lero kapena mawa. Mwambo wanuwo ndi wa liti?"

"Isitala ikangopita."

"Mabotolowa ndibwera nawo. Tikatsegulira komweko, ndikakuonetseni kathiridwe kake, musadzachititsenso manyazi banja lathu."

Banja lathu. Ndinamva bwinobwino, koma a Zulu sanathe kudzigwira. "Manje mudala, mukabwera nawo pa msewu uja, si agwedezekanso?"

"Ndiye ndifika kukadali masiku, apume," anatero a Dermot. Anatembenukira kwa ine. "Pogona alipo kwanuko?"

Kanyumba kanga kanali ka zipinda ziwiri, china cha Tadala, china changa. "Alipo," ndinatero. "Chipinda chonse."

Ndinapempha foni ya pa kauntala poti yanga inali itatha moto. Tadala anayankha isanalire kawiri.

"Malume? Akuti bwanji?"

"Wadya?"

"Malume, chonde!"

"Pita ukagule khadi, uwaimbire amayi ako ayambe za viza. Ukatero uchotse mabuku ako pa sofa paja. Pakhala pogona panga."